Tisanagulitse ng'ombe kuti mwana akatenge digiri ya unamwino

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhule ndi makolo anzanga a kuno ku Angónia, Tsangano ndi Macanga amene ana awo amaliza kalasi 12 ndipo akuumirira kuti iwo ndi a digiri ya unamwino basi. Ntchitoyo ndi yabwino, palibe akutsutsa. Koma masamu amene timachita tikakhala pansi ngati banja amakhala operewera, timangowerenga kuti mwana akamaliza azilandira zakutizakuti pamwezi, osafunsa kuti malipirowo adzayamba liti, chonsecho ngongole imene tatenga imayamba kubereka mwezi womwewo mwana asanagwire ndi jekeseni yomwe.

Ine ndine malume wa ana angapo ndiye nkhani zasukulu zimathera pakhomo panga. Mwana wa mlongo wanga atanena za digiriyi ndinatenga kope n'kuyamba kulemba zonse, sindinafike ndi pakati mutu unali utatentha kale. Sukulu zodziwika za digiri imeneyi zili kutali, ISCISA ili ku Maputo, UniLúrio ku Nampula, ya Akatolika ija ya zaumoyo ili ku Beira, ndipo ndi zaka 4. Anthu amangoyang'ana propina, fizi ya sukulu ija, koma chimene chimapha ndi lendi ya kachipinda, chakudya, chapa (minibasi) ya tsiku ndi tsiku, yunifolomu ndi nsapato zoyera, kamakina koyezera BP, mafotokope osatha, foni ndi mamega ake, kenako estajiyo kumene mwana amagwira ntchito mpaka usiku mchipatala osalandira kanthu koma thiransipoti akulipira ndinu. Akadwala kapena kumudzi kukagwa maliro, tikiti ya basi kuchoka ku Maputo kudzafika ku Ulongwe ndi matumba angati a mbatatesi?

Anzathu a ku Malawi tsidya la Dedza ali ndi bungwe la boma lobwereketsa ndalama kwa ophunzira a ku yunivesite, linakhazikitsidwa mu 2015, mwana amadzabweza yekha akamaliza. Naonso amadandaula kuti sizikwana koma bola ngongoleyo ili m'dzina la mwini sukulu. Kuno zimene ndimaona n'zakuti ngongole amatenga ndi bambo kapena malume. Ngati ndi mphunzitsi amapita ku banki kapena ku makampani aja odula pamalipiro ndalama isanafike m'manja, zaka ndi zaka akulandira zotsala. Ngati ndi mlimi ng'ombe zapangolo zimapita, ndalama ya fodya imathera komweko, mwezi ukavuta amathamangira katapila. Tinene kuti mwatenga 10,000 meticais kuti mudzabweze 13,000 mwezi ukatha, mbatatesi yagwa mtengo mwalephera, mwezi winawo akuwerengerani pa 13,000 paja. Ndipo ang'ono ake a mwanayo amene ali ku sekondale ndi amene amalipira mwakachetechete, wina amauzidwa kuti iwe udikire kaye chaka chino.

Ndiye mwana wamaliza, mwavina, mwajambulitsa ndi chipewa chija. Akalembetse ku Ordem dos Enfermeiros, bungwe la anamwino limene linakhazikitsidwa mu 2016, kuti apeze chiphaso chogwirira ntchito, ndalamanso imeneyo. Kenako adikire boma litulutse konkuso, mpikisano wolembera anthu ntchito, ndipo apa ndi pamene masamu athu amagwera m'madzi. Zipatala zilibe anamwino okwanira, aliyense amene wagonekapo m'bale wake akudziwa, namwino m'modzi wodi yonse usiku, koma kusowa kwa anamwino sikutanthauza kuti boma lili ndi ndalama zolembera anthu. Malo amatuluka ochepa, olembera ndi khwimbi. Ndikudziwa mtsikana wina wa dipuloma yake yabwinobwino amene amakhala pansi pa ambulera pamsika kutumiza ndi kutapitsa ndalama za M-Pesa, ena amathandiza ulere pachipatala chapafupi kuti manja asaiwale komanso kuti abwana aziwaona. Kale ambiri ankathawira ku mabungwe a ntchito za Edzi, koma chichokereni 2025 pamene America inadula thandizo lodzera ku USAID, khomo limenelo lachepa kwambiri.

Zoona, amene walowa m'boma ndi digiri amaikidwa pamwamba kuposa wa tekiniko, TSU, ndondomeko ya malipiro a ogwira ntchito m'boma imene inayamba mu 2022, ili ndi masitepe 21 ndipo pepala lako limawerengedwa. Kusiyanako kulipo ndipo pazaka zambiri kumaoneka. Koma musaiwale kuti ogwira ntchito zaumoyo omwewo ananyanyala ntchito mu 2023 ndi mu 2024, akudandaula za ndalama za maola owonjezera, za mashifiti komanso kusowa kwa zipangizo. Ndiye amene akuuzani kuti akangolowa ntchito ngongole yatha chaka chimodzi akukunamizani, makamaka poti mwanayo akangoyamba kulandira mudzi wonse umamuyang'ana, iyenso akufuna matiresi ndi poto kumene amutumizako, mwina ku Zumbo kapena ku Chifunde. Za malipiro a ku UK zimene ana amaonetsana pa Facebook zisiyeni kaye, kuti ukafike kumeneko pamafunika mayeso a Chingerezi ndi ndalama zinanso, mwana wathu waphunzira m'Chipwitikizi.

Maganizo anga ndi awa, ndipo ndi zimene ndinauza mlongo wanga ngakhale mwanayo anandikwiyira. Ngati banja lingathe kulipira zaka 4 popanda katapila komanso kumusunga mwanayo zaka zina ziwiri ali pakhomo osagwira ntchito, apite, digiri siwola. Ngati wapeza bolosa ya boma yomulipirira sukulu kudzera ku IBE, bungwe lopereka mabolosawo, apite akuthamanga. Koma ngati ndalama yake ndi yobwereka kuyambira chaka choyamba, ayambe ndi kosi ya tekiniko pa Instituto de Ciências de Saúde pa Tete pompa, unamwino wamba kapena wa amayi ndi ana, zaka ndi zochepa, kwawo ndi kufupi, ufa ndi nyemba mumangotumiza pa chapa. Nayenso adzadikira konkuso, sindikubisa, koma adzadikira alibe ngongole yaikulu kumsana, ndipo akalowa ntchito digiriyo adzaitsata ndi ndalama yake. Ena amati imeneyo ndi njira ya amphawi. Eya, nanga ife ndife ndani?

Pempho langa kwa inu a nyuzipepala, tumizani mtolankhani ku sukulu zonse zophunzitsa unamwino, makamaka zapulayiveti zimene zachulukazi, akafunse kuti mwa ana amene anamaliza zaka zitatu zapitazi ndi angati ali pantchito yolipidwa. Mukatilembere manambalawo nthawi yolembetsa isanafike.

Malume wa ana,
Ulongwe, Angónia