Chimbale chachiwiri chili kuti?

Aise,

Kalata yako inandipeza Lachiwiri nditakhala pansi pabalaza, zimbale zili mbwee mbali zonse ngati m'nyumba mwalowa akuba. Mlamu wako anachita kundiponyera ali pakhomo, chifukwa popondapo panalibe. Wafunsa zambiri. Bondo likuchira pang'onopang'ono, ntchito ilipo, mtsikana wathu anakhoza mayeso aja ndipo malo anamupatsa. Tikusamuka kumapeto kwa mwezi uno, eninyumba akuigulitsa. Ako ndayankha. Tsopano iwe uyankhe langa limodzi: chimbale chachiwiri chili kuti?

Usayambe kukanda m'mutu ngati sukudziwa. Filimu ija ya mkulu wa chipewa chakuda amene ankafunafuna mng'ono wake. Inali ya VCD, ndipo ukudziwa kuti VCD imodzi sinkapitirira mphindi 80, ndiye filimu yaitali ankaidula pakati n'kuika zimbale ziwiri m'chikuto chimodzi. Iwe unabwera madzulo ena, ati choyamba unaonera kale kwa a Ndevu, ndikubwereke chachiwiri chokha, ubweza Loweruka. Loweruka lake liti? Zaka 11 zapita. Dzulo ndinaika choyambacho m'deki, chikuonetsabe bwinobwino. Mkulu uja wafika pachitseko, wagwira, wayamba kukankha, kenako mdima bii. Munthu waima pachitseko chimenecho zaka 11 chifukwa cha iwe. Mlandu suola, aise.

Nyumba imene tikupitayo ndi yaing'ono, ndipo mlamu wako wandiuza mosapita m'mbali kuti shelefu ndipatsidwa imodzi. Imodzi! Nditawerenga zonse zinakwana 312. Chikuto cha DVD n'chonenepa mamilimita 14, ndiye kuti uzindandalike zonse pafunika shelefu yopitirira mamita 4. Koma chimbale chenichenicho ndi mamilimita 1.2 basi, moti utazisanjikiza zopanda zikuto sizingafike n'komwe masentimita 40. Mtsikana wathu ndiye anawerengetsera zimenezi pa foni, n'kundiyang'ana, amvekere, "Adadi, zaka zonsezi mwakhala mukusunga mphepo m'mapulasitiki." Ndinasowa choyankha. Masamu amenewo ndinamuphunzitsa ndine.

Ndinayamba bwino ndithu. Milu itatu: zosunga, zopatsa anthu, ndi zakufa. Lamulo ndinadziikira ndekha, loti filimu imene sindinaionere zaka zisanu zapitazi, ndipo sindingafune kuionera usiku uno, ipite. Pofika masana panali patabadwa mulu wachinayi, wa "ndiganize kaye", ndipo unatalika kuposa itatu ija kuiphatikiza. Vuto n'lakuti chikuto ukangochigwira m'manja umakumbukira tsiku lake. Ichi tinaonera mvula ikugwa mpaka tonse tinagona pamipando. Ichi ndi chija mnyamata wathu ankachilirira akadwala, tinachibwereza mpaka ine ndinaloweza mawu onse. Filimu yake yachabechabe, koma dzanja likukana kuponya.

Zina zimene ndapeza n'zochititsa manyazi. Filimu imodzi ndinali nayo katatu, kusonyeza kuti kawiri konse ndinagula chinthu chimene chinali kale m'nyumba. Zisanu ndi chimodzi zikadali m'mapulasitiki ake, zosatsegula. M'chikuto cha filimu ya nkhondo ndinapeza katuni ya ana, ndipo m'chikuto cha katuniyo munali nyimbo za kwaya. Zikuto 19 zili pululu, mopanda kanthu. Zimenezi ndazilemba mayina papepala, ndipo zina ndikudziwa kumene zinalowera. Achimwene ako aakulu asaganize kuti ndinaiwala. Tikakumana amandifunsa za bondo mwachifundo kwambiri, koma za zimbale zanga zinayi, ziii.

Poti lero ndi tsiku loulula, zimbale zija unanditumizira chaka chako choyamba uli kunja sindinazionerepo. Ndinakulembera kuti zinali zabwino zedi. Ndinanama. Kumbuyo kwa zikuto zake kuli kachithunzi ka dziko kolembedwa 1, pomwe deki yanga kumbuyo kwake kwalembedwa 2. Eni mafilimu anagawa dziko m'zigawo zisanu ndi chimodzi kuti chimbale chogulitsidwa kwina chisamaonetse kwina. Nambala 1 ndi ya America ndi Canada, 2 ndi ya ku Ulaya, Japan ndi South Africa, zinazo n'kumapita choncho. Deki ikaona nambala yosakhala yake imangolemba kuti chigawo n'cholakwika, basi yathana nawe. Madeki osasankha chigawo alipo, koma ine ndinkati ndigula mwezi wamawa, mwezi wamawa. Ndiye undiuze, zimenezi ndiike mulu uti? Kufa sizinafe. Kupatsa munthu ndi kumupatsa vuto. Kusunga ndi kusunga bodza langa lomwe.

Palinso china cha chikuto chofiira, cholembedwa HD DVD, chimene a Ndevu anandipatsa monyadira kwambiri. Mtundu umenewu unalimbana ndi Blu-ray n'kugonja, ndipo Toshiba inasiya kupanga makina ake mu 2008. A Ndevu anandipatsa patapita zaka zingapo chichitikireni zimenezo. Mpaka lero amandifunsa ngati ndinaikonda.

Iwo omwewo anabwera Lachitatu, ati kudzathandiza. Kuthandiza kwake n'kumeneku: atenga chimbale, achiuzira mpweya haa, achipukuta ndi malaya mozunguliza. Ndinachita kuwalanda. Zolembedwa pa chimbale zimayenda mumzere umodzi wozungulira, kuchokera pakati kukathera kumphepete. Ukachikala motsatira mzerewo wawononga gawo lalitali nthawi imodzi, pomwe chokalika chodutsa mopingasa deki imatha kuchikonza yokha osaonetsa kanthu. N'chifukwa chake umapukuta ndi kansalu kofewa, kuyambira pabowo lapakati kupita kunja, molunjika. Nditawafotokozera anagwedeza mutu ngati amva, kenako anandifunsa ngati ndili ndi mankhwala otsukira mano, ati amachiza zokalika zonse. Ndinawapatsa zimbale 20 za mumulu wopereka kuti anyamuke, ndipo anapita akusangalala. Sabata yamawa abwera kudzadandaula kuti zina zikudumpha.

Koma nanenso ndisadzitame. Ma VCD anga ndinkawaika patebulo mbali yonyezimira ili kumwamba, poganiza kuti ndikuwateteza. Chonsecho pa CD ndi VCD mbali yolembedwa dzina ija ndiyo yosalimba, chifukwa zolembedwazo zili pansi pake penipeni, ndipo ikakalika pamenepo palibenso chochita. DVD ndiye ndi mapulasitiki awiri omatidwa pamodzi, zolembedwa zili pakati, n'chifukwa chake imapirira nkhanza zathu. Theka la mulu wa zakufa ndinapha ndekha mwachikondi.

Mtsikana wathu akuti nditaye zonse, mafilimu onse ali pa intaneti. Ndinamuuza kuti asankhe khumi pamulu wanga awafufuze. Anapeza asanu ndi limodzi. Anayi enawo kulibe, ndipo ngakhale amene anawapezawo akhoza kusowa mawa, chifukwa mgwirizano wa eni filimu ndi oonetsa ukatha amaichotsa osakufunsa. Chimbale chili pashelefu palibe angalowe m'nyumba kudzachichotsa, kupatula iwe ndi achimwene ako. Iye anandibwezera kuti ngakhale Netflix, imene inayamba n'kutumiza ma DVD papositi, inasiya zimenezo mu September 2023, ndiye ine ndine ndani kuti ndikakamire. Ndinamuuza kuti ndine bambo ake. Mkangano unathera pomwepo, koma ndikudziwa amene anapambana.

Mapeto ake tagwirizana chonchi. Zokwana 30 zimene ndimazikonda kwenikweni zikhala m'zikuto zake, choimirira, pashelefu imodzi ija, kutali ndi zenera. Zina pafupifupi 150 zilowa m'chikwama cha zipi chokhala ndi timatumba. Kathumba kalikonse ndakapatsa nambala, ndipo m'kope ndikulemba dzina la filimu ndi nambala yake. Poyamba ndinkafuna kuziyala motsata zilembo, A, B, C, koma ndinaona kuti kukabwera chatsopano choyamba ndi B ndiye kuti ndisuntha chikwama chonse. Ndi manambala, chatsopano chimangopita kumapeto. Mapepala a zithunzi ndawasolola m'zikuto n'kuwasunga mu envulopu yaikulu. Mlamu wako akuti envulopu imeneyo sindidzaitsegulanso mpaka kufa, ndipo mwina akunena zoona. M'kope momwemo ndasiya masamba akumapeto a obwereka: dzina, tsiku, chimbale. Dzina loyamba ndi lako, ndalemba ndi cholembera chofiira.

Timatumbato ndimatiopa pang'ono, chifukwa kamchenga kamodzi kakalowa, ukamasolola chimbale umachikala wekha. Koma nanga ndichite bwanji, shelefu ndi imodzi.

Aise, zonse ndalembazi ndimangozungulira. Chimene chandikhalitsa pansi usiku uno ndi china.

Pansi pa katoni yomaliza ndinapeza chimbale cha ukwati wathu. Chilibe chikuto chenicheni, chili m'kapepala, cholembedwa ndi dzanja la mlamu wako. Ndi chija chobena pa kompyuta, cha pansi pofiirira, osati chonyezimira ngati siliva. Zogula zija amazidinda kufakitale, koma zobenazi zili ndi utoto wina mkati umene leza imautentha polemba, ndipo utotowo umafooka ndi dzuwa ndi kutentha. Chimbale chimenechi chinakhala zaka zingapo pamwamba pa kabati ija ya pafupi ndi zenera, dzuwa lamadzulo likuchiwomba tsiku ndi tsiku. Ine amene ndimalanda a Ndevu zimbale za mafilimu a nkhonya.

Ndinachiika m'deki. Chinayamba bwino. Ndinakuona iwe, wowonda ngati ndodo, m'jekete yobwereka ija ya manja aafupi, ukutuluka thukuta kumbuyo kwanga. Ndinaseka ndekha. Pa mphindi 41 bambo anga akuimirira kuti alankhule, akukonza tayi, akutsokomola kawiri monga ankachitira, akunena mawu atatu kapena anayi, kenako chithunzi chikusweka timabokositimabokosi, n'kuima. Deki ikulira mkati, krr, krr, kenako ikudumpha n'kukagwera kumene anthu akuvina. Ndinabweza kasanu. Chimodzimodzi. Ndinapukuta monga ndinaphunzitsira a Ndevu, kuchokera pakati kupita kunja. Palibe chokalika n'chimodzi chomwe, chimbale chili see. Chawonongekera mkati.

Mawu a bambo anga sali pena paliponse. Zithunzi zilipo zambiri, koma mawu ali pa chimbale chimenechi chokha. Chimwalirireni iwo ndakhala ndikunena kuti ndichikopera pa kompyuta, ndichikopera. Sichinali chovuta n'komwe, poti zobena sizikhala ndi loko uja amaika pa mafilimu ogula, umangokopera ngati fayilo ina iliyonse. DVD wamba ndi 4.7 GB chabe, fulashi yaing'ono ikanakwana. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Mtsikana wathu anayesa usiku womwewo. Mkati mwa chimbale filimu imakhala yoduladula m'mafayilo a pafupifupi 1 GB iliyonse. Atatu anakopeka. Imodzi inakana, ndipo ndi yomweyo. Akuti tiyese pa kompyuta ina, chifukwa makina owerengera zimbale amasiyana mphamvu, ena amatha kuwerenga pamene anzawo alephera. Tiyesa Loweruka. Mlamu wako sindinamuuze. Anandipeza maso ali ofiira ndinati ndi fumbi la makatoni.

Ndiye tamvera. Tinabenetsa zinayi. Chimodzi chathu, china cha amayi chimene chinasowa pamene ankasamuka, china cha kwa apongozi chimene ana anachisandutsa choseweretsa, ndipo chachinayi tinakupatsa iwe, poti unaima nane tsiku limenelo. Ndikukumbukira ukuchilowetsa m'thumba la m'kati la chikwama chako chabuluu. Iwe sutaya zinthu, umangokana kubweza. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndikupemphera kuti khalidwe lako loipali likhale lisanasinthe.

Ukachipeza usachitumize, chingasweke m'njira. Usachionerenso kambirimbiri. Chikopere kaye pa kompyuta, kenako pa fulashi, malo awiri osiyana, ndipo uone pa mphindi 41 ngati akulankhula mpaka kumaliza. Usandiuze zimene ananena, ndikufuna ndidzamve ndekha. Ine ndimakumbukira zoti anatchula dzina lako anthu n'kuseka, koma chimene chinaseketsa anthucho chinandithawa kalekale.

Ukachita zimenezi, mlandu wa chimbale chachiwiri ndiuchepetsa. Sindikuti ndiuthetsa, chifukwa mkulu wa chipewa chakuda akadali pachitseko, ndipo ine usiku ndimaganiza kuti mwina kuseri kwake kunalibe n'komwe mng'ono wakeyo, mwina kunali munthu wina, ndipo iwe wakhala ukudziwa zaka zonsezi osandiuza. Pepala latha, ndikulemba m'mphepete tsopano. Upereke moni kwa alamu ndi ana. Adiresi yatsopano ndikutumizira tikangolowa, komanso paja zikuto zopanda kanthu zija, ngati achimwene ako angakuimbire uwauze kuti ine