Lipoti la msonkhano wa magulu okonza tiyi wa zitsamba: nkhani ya masamba a mabulosi

A Tcheyamani, akomiti ndi mamembala nonse,

Ndabwerako ku Lilongwe kumene munandituma. Malisiti a basi ndi a malo ogona ali kale m'manja mwa a Msungichuma. Amene akunong'ona kuti alawansi inachuluka apite akawerenge okha.

Chigawo choyamba chinathera m'malankhulidwe a alendo olemekezeka. Kunalinso phunziro la kasungidwe ka mabuku a ndalama, zomwe timazidziwa kale.

Chimene chinandikhazika tcheru ndi mayi wina wa ku yunivesite, katswiri wa zakudya, amene analankhula za masamba a mabulosi. Mtundu umene asayansi aufufuza kwambiri ndi Morus alba, womwe ku China ndi ku India amadyetsa mbozi zopanga silika. Mayiwo anati m'tsamba muli gulu la zinthu zotchedwa ma polyphenol, zimene mtengo umapanga podziteteza ku dzuwa ndi tizilombo. Ma flavonoid ndi nthambi imodzi ya gululo, ndipo m'mabulosi odziwika ndi rutin, isoquercitrin ndi astragalin, amene amachokera ku quercetin ndi kaempferol. Mulinso chlorogenic acid, yemwe amapezekanso mu khofi. Ndiye kuti anthu a m'tauni akamafunsa ngati tiyi wathu ali ndi ma antioxidant, akufunsa zimenezi.

Sanathere pa kulankhula. Anaika timabotolo tagalasi patebulo, m'kati muli madzi onyikamo masamba, nathiramo mankhwala otchedwa Folin-Ciocalteu. Titadikira pang'ono madzi aja anasanduka a buluu, ndipo anati buluuyo akada kwambiri ndiye kuti ma polyphenol ndi ambiri. Poyeza ma flavonoid anathira aluminium chloride, madzi n'kukhala achikasu. Ndinadzuka pampando kukaona pafupi. Pa timabotolo ta buluu tija, kabotolo ka masamba oumira pamthunzi kanali kakuda bii, ka masamba opsa ndi dzuwa kanali kotuwa.

Anafotokoza kuti kuchuluka kwa zinthuzi kumasiyana malinga ndi mtundu wa mtengo, nyengo yothyolera, msinkhu wa tsamba ndi kaumitsidwe. Ku China a mankhwala a makolo amakonda masamba othyola chisanu chowaula zomera chitadutsa. Nyengo sitingaisinthe, koma kaumitsidwe kali m'manja mwathu.

Apa ndiye ndilankhule mosabisa. Ife timayanika masamba pa malata masana onse mpaka asanduke a bulauni, kenako timadabwa kuti a mashopu abweza katundu. Shedi yoyanikiramo masamba pamthunzi yokhala ndi mathandala a waya tinaigwirizana kalekale, ndipo tonse tinasonkha. Ndalamazo zinabwerekedwa kwa anthu a m'gulu momwemuno ngati za banki mkhonde, mpaka lero sizinabwerere, ndipo ndikafunsa pa msonkhano ndimauzidwa kuti si nkhani ya pa ajenda. Nanga idzakhala pa ajenda liti? Palinso anzathu amene amasadza nthambi za m'munda wa gulu kukadyetsa mbuzi ndi akalulu. Zoona, masambawa ali ndi mapuloteni ambiri ndipo ziweto zimawakonda, koma mabulosi amamera ndi kanthambi kongozika pansi. Bzalani anu kunyumba.

Nkhani ya shuga inautsa mkangano. Chimene chimachedwetsa kugayika kwa sitachi m'matumbo ndi 1-deoxynojirimycin, mwachidule DNJ, ndipo iyeyu si flavonoid ayi, ndi wa gulu lina. Amachuluka m'masamba anthete a kunsonga. Akhoza kuchepetsa kukwera kwa shuga munthu akangodya, koma kumeneko si kuchiza matenda a shuga. Ena amatupidwa kapena kutsekula m'mimba akamwa wambiri, ndipo amene ali pa mankhwala a shuga monga metformin kapena insulin ayenera kufunsa kaye kuchipatala. Tinakumbutsidwa kuti ukalemba papaketi kuti chinthu chimachiza, walowa m'dera la bungwe la PMRA loona za mankhwala, pomwe za ukhondo ndi muyezo wa chakudya ndi za Malawi Bureau of Standards. Mapaketi athu alembedwa kuti "amathetsa shuga". Ine ndikuti mawu amenewo achoke tisanasindikize ena, ngakhale ndikudziwa kuti amene anawalemba sakondwa.

Msonkhano unagwirizana kuti magulu azisonkherana potumiza masamba ku labotale kuti mtengo woyezetsa upepuke. Ndinakweza dzanja m'dzina lanu. Ganizo loti magulu onse azigulitsa pa mtengo umodzi ndinalikana, chifukwa woyanika pamthunzi sangafanane mtengo ndi woyanika pa malata, ndipo ife pakadali pano tili mbali yolakwikayo.

Masamba oyamba okayezetsa akufunika mwezi wamawa. Ndikupempha a Mlembi kuti pa msonkhano wa Loweruka aike pamwamba nkhani ya shedi, ndipo a Msungichuma abwere ndi mndandanda wa onse amene sanabweze ngongole.