Tisanagule zimkuzamawu zina tiyambe tayang'ana majeki

A Mkonzi,

Ndikupempha danga m'nyuzipepala yanu kuti ndilankhule ndi anzanga amene amasamalira zimkuzamawu m'matchalitchi, m'mizikiti ndi m'magulu obwereketsa zida pa maukwati ndi pa maliro kuno ku Chigwa cha Shire.

Mwezi wathawu, tili mkati mwa mapemphero kwathu ku Ngabu, mawu a mlaliki anayamba kudukaduka, sipika n'kumangothetheka, mpaka akuluakulu a mpingo anagwirizana zoti tisonkhe ndalama zogulira ampulifaya ina. Ine ndinazula jeki ya maikolofoni, kachitsulo kakumapeto kwa waya kamene timalowetsa mu ampulifaya, n'kuiyang'ana padzuwa, ndipo ndinapeza nsonga yake yachita mbuu, m'khosi mwake muli zobiriwira zija zimamera pa mkuwa. Ampulifaya inali bwinobwino.

Kuno kwathu zimenezi sizachilendo, chifukwa fumbi la mu Okutobala limalowa m'timabowo tolowetsamo majeki, thukuta la m'manja limasiya mchere pa chitsulo, kenaka chinyontho cha m'dzinja chimadzamaliza ntchito. Zida zimene zinanyowa ku Nsanje ndi ku Chikwawa ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 ndiye zimafunika kuziyang'anitsitsa.

Chimene chimandiwawa mtima ndi chizolowezi chopala jeki ndi lezala kapena sandipepala. Jeki imakutidwa ndi kachitsulo kopyapyala konyezimira, kawirikawiri ka nickel, ndipo mukakapala mumasiya mkuwa pamtunda, moti mawu amamveka bwino Lamlungu limodzi koma dzimbiri limabweranso msanga kuposa kale. Choyenera n'kuthimitsa zonse, kuzula ku magetsi kapena ku batire, n'kupukuta jekiyo ndi kansalu koyera konyowetsedwa ndi isopropyl alcohol (mankhwala otsukira zida zamagetsi), kapena sipiriti ngati ameneyu wasowa. Potsuka bowo, nyowetsani jeki yoyera, muilowetse n'kuipotokola kangapo, muitulutse, muipukute, ndipo mubwereze mpaka kansalu kasiye kuda. Timano titatu ta pulagi ya XLR, imene imapezeka pa mawaya ambiri a maikolofoni, tipukutidwe kamodzikamodzi, ndipo musayatse zisanaume. Malovu, parafini ndi mafuta ophikira musayerekeze n'komwe, popeza malovu amadyetsa chitsulo pomwe mafuta amakola fumbi.

Mukatsuka koma phokoso n'kumabwerabe mukagwedeza waya, ndiye kuti wamasuka mkati, ndipo apite kwa mmisiri akawotcherere. Ifeyo mawaya athu tinaleka kuwasiya pansi. Timawapinda n'kuwasunga m'chidebe chovindikira, pamwamba pa kabati.

Wosamalira zida za mpingo,
Ngabu, Chikwawa