Kalata yotseguka kwa Mkulu woyang'anira sukulu za m'dera lathu

Bwana,

Ndikupatsani moni mwaulemu. Makalata athu angounjikana mu ofesi mwanumo osayankhidwa, ndiye iyi ndalemba poyera kuti nawonso makolo aiwerenge.

Gulu lathu mukulidziwa. Ndife anthu ongodzipereka amene timaphunzitsa mbiri ya dera lino mochita kuonetsa: timavala monga ankavalira akale, timagwira ntchito zawo ndi zipangizo zawo, ana n'kumagwira okha, kufunsa, ngakhale kutitsutsa kumene.

Teremu yathayi mphunzitsi wamkulu wa sukulu ina anatiitana. Agogo athu osula zitsulo analawirira m'mamawa, atamangirira mvukuto, nyundo ndi thumba la makala panjinga, akuikankha chifukwa maondo sawalolanso kupalasa. Pachipata mlonda anatiimitsa, akuti palibe chilolezo chochokera kwa inu. Mphunzitsi wamkulu uja anatuluka manyazi ali m'maso, n'kutiuza kuti dzulo lake analandira foni yomuletsa. Ana anali atadzaza m'mawindo. Agogowo anakhala pansi kunja kwa mpanda, dzuwa likuwatentha, osamasula n'komwe katundu wawo. Iwo anabwera kudzaonetsa ana mmene wosula amadziwira nthawi yomenya poona kufiira kwa chitsulo, ndiponso kuti chitsulo choviikidwa m'madzi chili cha moto chimalimba, koma sichichedwa kuthyoka ngati sunachibwezeko pang'ono pamoto. Tsiku lomwelo, m'kalasi momwemo, ana ankakopera pabolodi mutu wonena za mmene anthu anayambira kugwiritsa ntchito chitsulo! Pano agogowo anadwala sitiroko. Dzanja lawo lamanja silingagwirenso nyundo, ndipo pagulu pathu palibe amene anamaliza kuphunzira luso lawo.

Zina ndingotchula: mafomu amene timadzaza n'kusowa, misonkhano yosinthidwa tili kale pakhomo panu, aphunzitsi otiitana mobisa ngati tikugulitsa katundu wakuba, ndi yankho lija losatha lakuti bwana atuluka.

Tikudziwa kuti muli ndi udindo woteteza ana, ndipo sitikuupeputsa. Munthu wamkulu aliyense wolowa pasukulu afufuzidwe, ife tavomera. Tamvanso nkhawa yanu yakuti sewero likhoza kupotoza mbiri. Imeneyo ndi nkhawa yoona. Ku Colonial Williamsburg, tauni yakale yoonetseramo mbiri ku America, anthu ovala zakale anakhala zaka zambiri akuonetsa moyo wa atsamunda, mpaka mu 1979 pamene anayamba kuonetsa mwadongosolo moyo wa akapolo, chonsecho pafupifupi theka la anthu a m'tauniyo m'nthawi ya atsamundayo anali akuda. Iwo anakonza nkhaniyo, sanatseke chipata. N'chifukwa chake tinapempha kuti aphunzitsi a mbiri aziyamba aona zimene takonza.

Ndipo si zachilendo izi, Bwana. Artur Hazelius anatsegula malo oonetsera zakale otchedwa Skansen ku Stockholm, m'dziko la Sweden, mu 1891, anasamutsirako nyumba zakale, ndipo mpaka lero amisiri amagwiramo ntchito alendo akuona. Ku Beamish, malo enanso otere a kumpoto kwa England, ana asukulu amakhala m'kalasi yakale n'kuphunzira monga ankaphunzirira anzawo zaka zoposa 100 zapitazo. Pangano la mu 2003 la UNESCO (nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe) loteteza chikhalidwe, limene mayiko oposa 180 analivomereza, limatchula ntchito zamanja za makolo, ndipo ndime 14 imapempha kuti pakhale maphunziro olunjika makamaka kwa achinyamata.

Koma bwanji ndikukuuzani za kutali? Inu nomwe, potsegulira chaka cha sukulu, munaimirira pamaso pa makolo n'kulonjeza kuti mbiri ya dera lino ilowa m'kalasi. Tinaomba m'manja. Munatinso mutumiza munthu kudzaona zimene timachita. Mpaka lero sitinamuone.

Ndalama sitikupempha. Zovala timasoka tokha, zipangizo n'zathu. Chimene tikufuna n'chakuti teremu ikubwerayi isanayambe, mulembe kalata imodzi kwa aphunzitsi aakulu onse, ya siginecha ndi chidindo chanu, yowalola kulandira magulu ngati lathuli ndi kufotokoza zoyenera kutsata. Mutipatsenso mphunzitsi mmodzi wa mbiri woti tizigwirizanitsa naye zoonetsa zathu ndi silabasi. Ngati mwatikana, tikanizeni polemba, mutchule chifukwa chake, kuti tikawauze makolo amene akutifunsa.

Ine wanu,
Mlembi wa gululi