Umbava ku Luchenza: tisamangoloza chala obwera

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani ya kuthyoledwa kwa nyumba kuno ku Luchenza, yomwe anthu ambiri akuti yakula chifukwa cha obwera. Mwezi watha akuba analowa kwa mchemwali wanga dzuwa likuswa mtengo, iye ali kumsika ndipo alamu anga ali kuntchito ku esiteti ya tiyi, n'kutenga batire ya sola, wailesi ndi mafoni awiri. Pamsonkhano wa kwa amfumu zala zonse zinaloza anyamata omwe angoyamba kumene kuchita lendi m'dera lathu, chonsecho panalibe munthu ndi mmodzi yemwe amene anawaona pafupi ndi nyumbayo.

Zimenezi zinandikumbutsa mbiri ya dera la California ku America nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha mu 1945. M'chaka cha 1940 kunali anthu pafupifupi 6.9 miliyoni, mu 1950 anakwana 10.6 miliyoni, ndipo pofika 1960 anali 15.7 miliyoni, chifukwa asilikali obwera kunkhondo anakhazikika komweko ndipo mafakitale opanga ndege ankalemba anthu ochuluka. Ku Lakewood, pafupi ndi Los Angeles, anamanga nyumba zoposa 17,000 m'zaka zochepa chabe kuyambira mu 1950, pamalo pomwe kale panali minda ya nyemba. Milandu yothyola nyumba ndi kuba magalimoto inakwera, makamaka m'zaka za m'ma 1960, nthawi yomwe ntchito zinalipo ndipo umphawi unkachepa m'dziko la America.

Akatswiri awiri, Lawrence Cohen ndi Marcus Felson, anafotokoza mu 1979 chomwe chinasintha m'dzikolo. Nyumba zambiri zinayamba kukhala zopanda munthu masana popeza bambo ndi mayi onse ankapita kuntchito, komanso katundu wamtengo wapatali anayamba kupepuka: wailesi yakanema yopepuka kwambiri yomwe kampani ya Sears inkagulitsa mu 1960 inkalemera makilogalamu pafupifupi 17, koma pofika 1970 inali pafupifupi 7 okha. Ndikaganizira foni yomwe imalowa m'thumba la malaya, ndimaona kuti wakuba wa lero sasowanso ngakhale njinga.

Kwathu kuno zikufanana. Mapuloti akudulidwa tsiku ndi tsiku, mipanda ya njerwa ikukwera, ndipo munthu amatha chaka osadziwa dzina la woyandikana naye, mwakuti mlendo akatuluka pageti atanyamula chikwama palibe amene angamufunse. Kale pakhonde sipankasowa agogo osenda chinangwa, omwe ankadziwa mwana aliyense ndi kwawo komwe. Sindikukana kuti pakati pa obwera pali akuba, monga momwe aliri pakati pa ife eni dera, koma obwerawo nawonso akuberedwa, ndipo tikawasala tikudzichotsera tokha maso omwe akanatilondera.

Pempho langa kwa mafumu ndi makomiti a chitetezo cha m'madera ndi lakuti eni nyumba azikaonetsa alendi atsopano kwa amfumu ndi kwa oyandikana nawo sabata yomwe alowa, komanso kuti kulondera kusamangoyamba usiku, poti kwa mchemwali wanga anathyola cha m'ma 11 koloko m'mawa. Apolisi nawo ayendere mabenchi ogulitsa mafoni ndi mabatire akale, n'kumafunsa malisiti.

Wowerenga wanu,
Luchenza, Thyolo