Mpira watha kuno, matumba anayi aja ali kuti?

Tuscaloosa, Alabama
10 December 2024

Okondedwa Amayi,

Ine ndili bwino, kaya inu kumeneko. Moni kwa agogo, amalume ndi ana onse. Achemwali, kalatayi muwawerengere Amayi yonse osadumpha mzere, ndipo mng'ono wathuyo akhale pomwepo azimva ndi makutu ake.

Ndalama zimene ndinatumiza pakati pa November zinali za matumba 6 a feteleza, atatu wokulitsa ndi atatu wobereketsa, yotsalayo ya aganyu. Lamlungu lapitali amalume andiuza pa foni kuti m'nyumbamo awonamo matumba awiri okha. Anayi enawo ali kuti? Mvula yagwa, anzanu athira kale, inu mukudikira chiyani? Iwe mng'ono wanga, ndamva kuti sukuchoka pa tauni, maso ali pa foni, ukuulutsa kandege ndi kubetcha mpira wa ku England. Sindikunena kuti wadya ndiwe, koma ndalamazo zinafikira pa nambala yako.

Amayi, mwina simudziwa kumene ndalamazi zimachokera, ndiye ndikuuzeni. Munda wanga kuno ndi mpira wa ana a sukulu. Musaseke. Tauni ino imadya pa timu ya University of Alabama, ndipo mpira wake si wathu uja wa mapazi. Ndi wosongoka ngati papaya, amaunyamula m'manja, anyamata atavala zisoti n'kumagundana ngati nkhosa zamphongo. Bwalo lawo la Bryant-Denny limalowa anthu oposa 100,000, koma osewerawo ndi ana oti Lolemba akalowa m'kalasi. Timu ikamasewera pakhomo, hotela imene ndimagwirako imadzaza kuyambira Lachisanu, ine n'kumachapa ndi kupinda nsalu zofunda mpaka usiku, Lamlungu n'kukolopa masanzi a anthu oledzera. Ovataimu ndi matipi zimachokera pamenepo. Chaka chino masewero apakhomo analipo 7 okha, ndipo omaliza anali pa 30 November. Ndakolola, ndatha. Mpaka kumapeto kwa August ndizingolandira kamalipiro kouma, kochotsapo lendi n'kutsala fumbi.

Mankhwala a BP aja mukumwa? Asakuuzeni munthu kuti musiye chifukwa mutu wasiya kuwawa.

Masewero a pa 30 November aja ndiwo amati Iron Bowl, Alabama ndi Auburn, masukulu awiri a m'chigawo chimodzi. Amalume amati kulibe chidani choposa cha Maule ndi Manoma. Auzeni kuti sanaone kanthu. Kuno munthu akangodziwa dzina lako, funso lotsatira ndi lakuti uli mbali iti. Athu kuno moni wawo ndi "Roll Tide", a uko amati "War Eagle", ndipo mawu amenewa amanenedwa kutchalitchi, kubanki, ngakhale pa maliro. A Auburn akapambana amakakulunga mitengo ya pa Toomer's Corner, mphambano ya m'tauni mwawo, ndi mapepala a kuchimbudzi mpaka kuyera mbee. Mu 2010 bambo wina wokonda Alabama, mtima utamuwawa timu yake itagonja, anakathira mankhwala pa mitengo ija mpaka inauma, iye anakalowa kundende. Munthu wamkulu, wa imvi zake, kupha mtengo chifukwa cha mpira wa ana!

Kuchipinda chochapirako timagwira ndi mayi wina wachikulire wa Auburn, yekhayekha pakati pa ife tonse. Pa foni yake anasunga kanema wa mu 2013, pomwe mnyamata wotchedwa Chris Davis anawakha mpira nthawi itatha n'kuthamanga nawo bwalo lonse, Auburn n'kupambana 34-28. Akakangana ndi kapitawo wathu sayankha, amangotulutsa foniyo n'kuiyika pamwamba pa makina ochapira, mawu atakweza. Kapitawoyo amatuluka panja kukasuta. Chaka chino tawamenya 28-14, ndiye Lolemba lake mayi uja anabwera atamanga kukamwa, tsiku lonse kupinda matawulo ngati akuwalanga. Ndinamugawira nsima yanga ya ufa wa m'sitolo, wosanunkhira kanthu, ndipo ndinakumbuka mgaiwa wa pa chigayo cha kwathu mpaka kukhosi kunandimanga.

Mwaona, ndayamba kunena kuti "tawamenya". Nanga nditani, ndi amene amandidyetsa.

Iwe, malisiti a matumba awiriwo uwajambule unditumizire. Ngati wogulitsa anakuuza kuti enawo ukatenge mawa, nditumizire nambala yake ndimuimbire ndekha.

Chikundidetsa nkhawa n'chakuti timuyi siili ngati kale. Mphunzitsi wawo Nick Saban, amene anawapatsa chikho cha dziko lonse ka 6, anapuma mu January, ndipo anthu anakaunjika maluwa pa chiboliboli chake ngati wamwalira, chikhalirecho ali moyo. M'malo mwake munalowa Kalen DeBoer wochokera ku Washington. Poyamba zinkaoneka bwino. Mu September tinagonjetsa Georgia 41-34, kamwana ka zaka 17 kotchedwa Ryan Williams katazungulira anthu ngati nguli, ndipo usiku umenewo bambo wina anandipatsa $50 chifukwa chongomunyamulira chikwama. Sabata yotsatira yomweyo tinakagwa kwa Vanderbilt 40-35, timu imene inali isanatigonjetse chiyambire 1984. Ana a kumeneko anazula mitengo ya golo n'kukaiponya mumtsinje ku Nashville. Kenako tinagwanso kwa Tennessee, kenako Oklahoma inatichititsa manyazi 24-3. Anthu akagonja kuno dzanja limauma, Amayi. Yemwe uja wa $50 amakudutsa ngati sakukuona.

Dzana alengeza matimu 12 olimbirana chikho, ife mulibe, malo omaliza apatsa sukulu ina yotchedwa SMU. Tangotsala ndi masewero amodzi ndi Michigan pa 31 December, ndiponso ali kutali ku Tampa, ine sindidyapo kanthu. Pa wailesi anthu akungotukwana mphunzitsi watsopanoyu. Ine ndikuona kuti akumufulumirira, chifukwa nsapato za Saban palibe angazivale chaka chimodzi, komanso masiku ano osewera amalandira ndalama ndipo akakwiya amangosamukira sukulu ina. Koma chaka chamawa zikadzavutanso chonchi, zipinda sizidzadzaza, ndipo oyamba kuwadula maola ndife ochapa. N'chifukwa chake ndikulira ndi matumba anayiwo. Si ndalama yotola.

Ndipo udziwe iwe, kuno ku Alabama, anthu openga ndi mpira chonchi, boma silinalole kubetcha pa masewero, ngakhale lotale kulibe. Iwe amene sunaonepo bwalo la Arsenal ndi maso, ndiwe woti uziyika feteleza wa Amayi pa miyendo ya anthu osakudziwa? Jezi yofiira ya Alabama ya njovu ija unandipempha ndinagula kale, ili m'chikwama, koma siinyamuka mpaka nkhaniyi itaoneka mutu wake.

Mbuzi yaikazi ija musagulitse, ngakhale wina abwere ndi nkhani yotani. Malata a kukhitchini adikire, tidzaona mu September. Fizi ya mwana wa achemwali ndidzalipira ndekha kusukulu konko, isadutsenso m'manja mwa munthu.

Kuno kwayamba kuzizira, m'mawa galasi la galimoto limachita kuuma ndi chisanu, ndipo ndikamva kuti kwanuko kukununkhira dothi la mvula yoyamba ndimasowa tulo. Bowa wayamba? Mundiyanikireko pang'ono pamodzi ndi mfutso, mwina apezeka wobwera.

Lachisanu ndikalandira nditumiza ya matumba awiri, chimanga chisapserere, koma ipita pa foni ya achemwali, ndipo akagule ali ndi amalume. Enawo awiri abweze amene anadya, kaya agulitsa foni yakeyo, kaya akalima ganyu. Loweruka 7 koloko madzulo nthawi yanu ndiimba, kuno kudzakhala kusanakwane masana. Foni ikhale yotchaja, ndipo iye asapite kulikonse.

Ndine mwana wanu.