Mainjiniya a zamagetsi akwereko kuno kumapiri

Akonzi,

Inu mumakonza nkhani, ine ndimakonza mawaya, ndiye tonse ndife akonzi. Ndipatseniko kadanga m'nyuzi yanuyi. Ndakhala ndikugwira ntchito ya magetsi kuno ku Ulónguè, m'boma la Angónia ku Mozambique, zaka zoposa makumi awiri. Sukulu yapamwamba sindinaione. Ndinaphunzira ponyamula makwerero ndi chikwama cha mapulayala cha mesitiri wina amene anagwirapo ntchito ku Songo, kumene kuli damu la Cahora Bassa, ndipo iye anatisiya kale. Chandilembetsa kalatayi ndi msonkhano wa gulu la mainjiniya a zamagetsi a m'chigawo chathu chino, umene ndinakakhala nawo mumzinda wa Tete nyengo yotentha yapitayi.

Sanandiitane ayi. Ananditenga ndi mwana wa mlongo wanga, amene anaphunzira uinjiniya ku Instituto Superior Politécnico de Songo ndipo ndi membala wa gululo. Anangoti, "Atsibweni, mumadandaula tsiku ndi tsiku kuti mainjiniya sakudziwani. Tiyeni mukawaone ndi maso." Tinakwera chapa, minibasi ya kuno, mbandakucha, kunja kukuzizira monga kumachitira kuno, koma pofika pa Moatize malaya anali atamatirira kumsana. Holo ya msonkhano inali yozizira bwino ndi makina, mwakuti ndinavalanso jekete imene ndinavula panjira.

Ndisanene bodza, anthu aja ntchito yawo amaidziwa. Mbali yoyamba inali ya zam'nyumba: ndani walipira ndalama ya umembala, ndani ali ndi ngongole, chisankho cha komiti, maphunziro oonjezera amene akufuna kukonzera mamembala. Pamenepo ndinasinzako pang'ono. Koma mayi wina wachitsikana ataimirira kufotokoza za mawaya akuluakulu, tulo tinabalalika, chifukwa anayankha funso limene anthu akhala akundifunsa moyo wanga wonse ine n'kumangoyankha mozembazemba.

Funso lake ndi ili: bwanji ife eni Zambezi tili mumdima, chikhalirecho damu la Cahora Bassa lili pakhomo pathu? Damulo linayamba kumangidwa mu 1969, madzi anayamba kudzaza kumapeto kwa 1974, ndipo makina ake asanu, aliyense wa mamegawati 415, amatha kutulutsa mamegawati 2,075. Kuyambira pa 27 Novembala 2007, pamene boma lathu linatenga gawo lalikulu la HCB, kampani yoyendetsa damuli, m'manja mwa Portugal, takhala tikumva kuti Cahora Bassa ndi yathu. Ndiye agogo a ku Dómuè akamva zimenezo pa wailesi, n'kuyang'ana koloboyi wawo, aganize chiyani?

Mayi uja anafotokoza kuti magetsi ambiri a ku Songo amawasandutsa kukhala oyenda mbali imodzi, aja amati DC, n'kuwakweza kufika pa makilovoti 533 (kilovoti imodzi ndi mavoti 1,000), kenako amayenda ulendo wa makilomita oposa 1,400 mpaka ku siteshoni ya Apollo kufupi ndi Johannesburg. Waya wotere sungaupatule panjira ngati mmene timapatulira ngalande ya kudimba. Pafunika siteshoni yathunthu yowasandutsanso. Ngakhale waya wa makilovoti 400 wochokera pa Matambo kupita ku Phombeya ku Malawi, wa makilomita 218, sungaumange kunyumba ya munthu. M'nyumba mwathu timagwiritsa mavoti 220. Kuti magetsi atsike kuchoka kumwamba kuja kufika pa babu, ayenera kudutsa m'masiteshoni ndi m'matiransifoma angapo, ndipo chilichonse mwa izo ndi ndalama zambiri. Choncho mudzi ungakhale pansi penipeni pa nsanja yachitsulo, waya ukulira ziii pamutu, koma n'kukhala kutali ndi magetsi kuposa munthu wa ku Maputo.

Ndinamva, ndinakhutira, kenako mtima unandiwawa. Mawu abwino chonchi akunenedwa m'Chipwitikizi, m'chipinda chotseka, kwa anthu amene akuwadziwa kale. Amene akufunika kuwamva ali kunja kuno, akukhulupirira kuti pali munthu wina woipa mtima amene anangotseka switchi dala. Sindikunena kuti kufotokoza kumayatsa nyale, ndipo sindikunena kuti tisiye kufunsa chifukwa chake chigawo chopanga magetsi chimatsalira. Koma munthu wodziwa kuti chikusowa ndi tiransifoma ndi mapolo amakafunsa chinthu chenicheni kwa akuluakulu, sangotukwana mphepo.

Anakambanso nthawi yaitali za Mphanda Nkuwa, damu la mamegawati 1,500 limene akufuna kumanga pafupifupi makilomita 60 kumunsi kwa Cahora Bassa, limene mu 2023 boma linasankha makampani a EDF, TotalEnergies ndi Sumitomo kuti agwire nawo. Anakamba za kuchepa kwa madzi m'Zambezi chilala cha 2024 chitadutsa. Zonsezo ndi nkhani zoyenera. Koma mpaka nthawi ya chakudya inakwana, palibe anatchula magetsi amene anthu ambiri a m'maboma a Angónia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde akugwiritsa ntchito lero lino, omwe ndi a sola yogula pamsika.

Pitani pamsika uliwonse wa m'malire muno, pa Calómuè kaya pa Zóbuè, mukaone. Mapanelo ayalidwa pansi pambali pa mapoto ndi masilipasi. Munthu wagulitsa mbatatesi kapena soya, wagula panelo, batire ndi inveta (kabokosi kosandutsa moto wa batire kukhala wa mavoti 220), wamangirira panjinga, basi. Wogulitsa sadziwa kuti panelo yake ndi ya mawati angati kupatula zimene zalembedwa pa kapepala kumbuyo, ndipo ine ndayezapo zingapo n'kupeza kuti kapepalako kakunama. Wogula uja akafika kumudzi amaitana mnyamata aliyense wokhala ndi sikuludiraiva.

Chaka chatha anandiitana kumudzi wina kufupi ndi phiri la Dómuè, kumene nyumba ya bambo wina inatsala pang'ono kupsa. Nditafika ndinapeza batire ya galimoto ili pansi pa bedi, yotupa ngati chule. Panelo anailumikiza molunjika ku batire, popanda kabokosi koyang'anira kuchajako, kamene ena amati regulador. Popanda kabokosiko dzuwa limangothira moto m'batire ngakhale itadzaza, madzi ake n'kuwira n'kuphwa, usiku anthu n'kuikama mpaka kuuma. Batire ya galimoto sinapangidwire zimenezo. Ntchito yake ndi kuliza injini kamodzi kenako n'kupuma. Kuchoka pa batire kupita ku inveta anadutsitsa kawaya kopyapyala ka sipika ya wailesi, n'kukakhomerera ku phaso la denga la udzu. Fyuzi panalibe. Pulasitiki ya kawayako inasungunuka n'kumatirira pamtengo, ndipo chinawapulumutsa n'chakuti mayi wa m'nyumbamo anamva fungo akusesa.

Mnyamata amene anamangayo ndinamupeza. Si chitsiru. Anandifunsa mwaulemu kuti, "Nanga madala, mavoti 12 okha angaotche bwanji nyumba, pamene sagwira n'komwe munthu?" Ndinatola kamtengo n'kumulembera pansi. TV ndi mababu zikamadya mawati 120, pa magetsi a mavoti 220 zimakoka theka la ampeya ndi kakusefukira pang'ono. Koma mawati omwewo pa mavoti 12 ndi maampeya 10. Chotenthetsa waya ndi maampeya, osati mavoti, choncho sola imafuna waya wonenepa kuposa wa m'nyumba ya m'tauni. Anayang'ana pansi paja kanthawi, kenako anati, "Ndamanga nyumba khumi ndi zinayi chonchi." Palibe anamuuzapo. Masamu a mzere umodzi, amene injiniya aliyense m'holo muja angawanene ali m'tulo.

Za zigayo ndiye musanene. Mota ya chigayo imayendera mafezi atatu, kutanthauza mawaya atatu amoto. Fezi imodzi ikathawa, mwina fyuzi yapsa pa tiransifoma kapena waya wamasuka, mota simaima msanga. Imalira mobuula, n'kumakoka moto wambiri pa mafezi awiri otsalawo mpaka mawaya a m'kati kupsa. Pali kachipangizo kotchipa kamene kamazimitsa mota zikatero. Koma chifukwa kamadula chigayo pamene amayi ali pamzere ndi malichero, mwini chigayo amauza mnyamata kuti akalambalale. Ndatsegulapo mabokosi angapo n'kupeza msomali pamalo pa fyuzi. Mwezi usanathe mota yapsa, aikweza pa lole kupita kukaikulunganso, mudzi wonse wabwerera ku mtondo. Waya wa pansi, uja timati terra, ambiri amauona ngati chokongoletsera, chonsecho kuno mphenzi za Disembala sizichita nthabwala.

Ndinafika pa chipatala china chaching'ono kumene firiji ya katemera inali itaima. Anthu ankati sola yatha mphamvu, akudikira galimoto yochokera kutali. Nditakwera padenga ndinapeza mapanelo ataphimbika ndi fumbi ndi zitosi za nkhunda, ndipo nthambi ya mango inali itakula n'kumaphimba theka la panelo kuyambira masana. Amene anamanga anamanga bwino ndithu, koma anachoka osasiya munthu wodziwa kuti galasi lija limafuna nsanza ndi madzi.

Nthawi ya mafunso itakwana ndinakweza mkono. Chipwitikizi changa ndi cha pamsika, chimapunthwa chikafika pa mawu aatali, koma ndinayesa kunena zonsezi. Anamvetsera mwaulemu, ena analemba, wapampando anathokoza n'kunena kuti nkhaniyi ipita ku komiti. Mmodzi anandikumbutsa, mosanyoza, kuti munthu wopanda chiphaso sayenera kugwira mawaya. N'zoona, ndipo dziko lili ndi mabungwe ake: Ordem dos Engenheiros de Moçambique imalembetsa mainjiniya, ARENE imayang'anira malamulo a zamphamvu, FUNAE yakhala ikugwira za magetsi a kumidzi kuyambira 1997. Koma tinene mosabisa. Boma linalonjeza mu 2018, pa ndondomeko ya Energia para Todos, kuti pofika 2030 aliyense akhale ndi magetsi, ena a waya wa EDM, kampani ya boma ya magetsi, ena a sola. Nyumba zonsezo adzamanga mawaya ake ndani? Injiniya wa digiri sadzakwera njinga kupita ku Furancungo kukamanga mababu atatu. Adzamanga ndi mnyamata wa sikuludiraiva uja, timufune tisamufune. Kumuletsa sikutheka, chotheka ndi kumuphunzitsa.

Ndiye pempho langa kwa gululi si lalikulu. Msonkhano umodzi pachaka uchoke mumzinda ukwere kuno, ukachitikire m'kalasi ya sukulu kapena pansi pa mtengo, ndipo aitane amisiri a kumidzi, eni zigayo ndi ogulitsa mapanelo. Asabwere ndi zithunzi za pakhoma zodzaza mizere. Abwere ndi mita yoyezera, mawaya a makulidwe osiyanasiyana, batire yakufa ndi yamoyo, anthu agwire ndi manja. Ambiri mwa mainjiniyawa ndi ana athu. Chinyanja ndi Chinyungwe anayamwira, angochita manyazi kuzilankhula atavala taye. Mawailesi a m'madera alipo, ndipo amakhala ndi nthawi yopereka moni kwa azilamu maola awiri; mphindi makumi awiri pa sabata za injiniya woyankha mafunso a magetsi m'chilankhulo chathu sizingawasaukitse. Ndipo tsiku lina la msika atatu a iwo angoyenda ndi mita pakati pa ogulitsa, kuyeza mapanelo pamaso pa ogula. Sipafunika apolisi. Wogulitsa akangodziwa kuti pali anthu oyeza, katundu wabodza amabwerera yekha kumene anachokera.

Ndalama za umembala zimene ankawerengetsera m'mawa uja zingakwanitse mafuta a ulendo umodzi wotere. Za malo ogona asade nkhawa. Anyakwawa athu sanakanepo mlendo, ndipo mbatatesi kuno sitigula.

Nafenso amisiri akumidzi tili ndi mlandu wathu. Timabisirana nzeru poopa kulandidwa makasitomala, ndipo ena mwa ife timachita manyazi kunena kuti sitikudziwa, chonsecho safunsa anadya phula. Ine ndemwe ndinaotchapo inveta ya mwini wake zaka zapitazo chifukwa chosinthanitsa waya wofiira ndi wakuda, ndipo ndinanamizira fakitale. Akanakhalapo wondiphunzitsa poyera, mwina bwenzi nditavomera.

Mnyamata wa nyumba khumi ndi zinayi uja tsopano amabwera kwanga Loweruka lililonse. Tayamba kubwerera m'nyumba zija imodziimodzi, kusintha mawaya ndi kuika mafyuzi. Tamaliza zisanu ndi imodzi, ndipo eni ake ena akukana kugula waya wina poti wakalewo ukuyakabe. Mwana wa mlongo wanga walonjeza kuti komiti ikadzakhalanso adzakumbutsa nkhaniyi. Ngati a komitiyo amawerenga nyuzi yanuyi, adziwe kuti mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya kwathu wavomera kale kubwereka kalasi tsiku lililonse Loweruka, ndipo mabenchi ndikanyamula ndekha.

Ine wanu,
Mmisiri wa magetsi,
Ulónguè, Angónia